Malonda a pa foni: musatithere bandulo

Ana inu a ku Namitete, ku Mpingu, ku Nsaru, kwa Kabudula mpaka ku Nambuma amene mwayamba kutsatsa malonda pa foni, ndili nanu mawu. Musayambe n'kukwinya nkhope poganiza kuti nkhalamba yabwera kudzanyoza zamakono. Kale munthu ukakhala ndi matumba khumi a mtedza unkadikira venda afike ndi sikelo yake, atchule yekha mtengo, iwe n'kungovomera poti fizi ya mwana ikudikira. Lero mnyamata wa kwa Kabudula amatha kunenerera mtengo ndi wogula wa ku Area 25 kapena ku Mchesi ali chikhalire pakhonde, ndalama n'kulowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba dzuwa lisanapendeke. Msewu wopita ku Kasiya ndi Santhe nawo anauthira tala, moti katundu wonyamuka m'mamawa amafika m'tauni nsima ya masana isanapse. Mwabadwa pa nthawi yabwino. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi phokoso lanu. Mwaphunzitsana kuti wogulitsa wochangamuka ndi amene amaponya kwambiri, ndiye kukangocha status yanu yadzaza kale: nsapato za kaunjika makumi atatu, nkhuku, vesi, nkhope yanu, nkhuku zomwe zija, nsapato zomwe zija. Tsiku ndi tsiku, mwezi wathunthu. Kenaka mumadabwa kuti anthu sakugula, n'kuyamba kukayikira mnzanu wa okala yoyandikana nanu kuti mwina wakupitirani kwa sing'anga.

Yambani mwaganizira munthu amene mukumutumizira zithunzizo. Wotsatsa malonda pa MBC kapena pa Zodiak amalipira yekha, ife omvera timangotchera khutu. Pa foni zinthu zinatembenuka: chithunzi chilichonse ndi kanema aliyense amene mwaponya amatsegulidwa ndi bandulo ya woonayo. Mayi wa ku Nambuma amene wagula bandulo ya WhatsApp ya sabata waigula kuti azimva za mwana wake amene ali ku Joni, kuti adziwe tsiku lokumana a banki mkhonde, kuti afunse ngati wodwala amene wagonekedwa ku St Gabriel's wadzuka bwanji. Foni yakeyo amakatchajitsa pa golosale ya sola, n'kulipiranso, poti magetsi a ESCOM m'midzi yathu yambiri sanafike. Ndiye inu mwamuponyera makanema asanu ndi atatu a nkhuku zikutola m'khola. Ngati sadziwa potsekera kuti zithunzi zisamalowe zokha, bandulo ya sabata yatha Lachitatu. Mwamudyera ndalama asanakuguleni kanthu. Mukuganiza kuti akaona dzina lanu pa foni mtima wake umati bwanji?

Ndipo sadzakuuzani. Ife anthu akuno sitikhumudwitsa munthu pamaso. WhatsApp inaika podina pamene munthu amabisa status ya mnzake kuti isamamuonekerenso, ndipo mwini wake sauzidwa. Mudzakumana ku tchalitchi Lamulungu, mudzapatsana moni wa manja awiri, adzakufunsani za ana ndi za kumunda, koma pa foni anakutsekerani chitseko mwezi watha. Tsiku limene mudzakhale ndi chinthu chimene iye akuchifunadi, monga mbewu ya soya ya Tikolore mvula ili pafupi kugwa, uthenga wanu sudzamupeza. Paja ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Eni ake a makinawa nawonso sakondwera ndi phokoso laulere. Mu Januwale 2018 Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, analengeza kuti anthu aziona kwambiri zolemba za abale ndi anzawo, ndipo za makampani ndi amalonda zichepe. Kwa inu zikutanthauza kuti si onse amene anadina kuti akutsatira tsamba lanu amene amaona zimene mwaponya. Makina ndiwo amasankha, ndipo amayang'ana ngati anthu akuima pa chithunzi chanu, kufunsa mafunso, kutumizirana. Akamangodutsa osaima, makinawo amayamba kukukankhirani kumbuyo. WhatsApp nayo ili ndi malamulo ake amene ambiri a inu simunawafufuze. Status imafufutika pakatha maola 24, ndipo amaiona ndi okhawo amene munasungirana nambala. Mndandanda wa broadcast umalola anthu 256, koma uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Mukamatumiza mauthenga ambirimbiri kwa anthu osakudziwani, ena n'kudandaula, nambala yanu ikhoza kutsekedwa. Mwamva pamenepo? Chuma chanu pa foni ndi anthu amene anasunga nambala yanu mwa kufuna kwawo, n'kulemba pambali pake kuti "wa mtedza wa ku Nsaru" kapena "telala wa pa Mpingu". Munthu wotere mumamupeza pomugulitsa chinthu chabwino kamodzi, ndipo mumamutaya pomutopetsa.

Ndikudziwa chimene chimakukokani: ndi timanambala tija ta ma like ndi ta otsatira. Ena mpaka mumalipira anyamata a m'tauni kuti akupezereni otsatira zikwi zisanu, osafunsa kuti anthuwo ali kuti. Mukayang'ana mayina mupeza a ku Lagos, a ku Dhaka, ena osakhala anthu n'komwe. Kodi wa ku Dhaka adzakwera basi kudzagula nkhumba ku Nsaru? Tawerengani bwino bizinesi yanu. Wokhala ndi matumba makumi awiri a soya akufuna ogula awiri kapena atatu okhulupirika, basi. Kalipentala amene wangomaliza kumene ku Namitete Technical College, ali ndi wothandiza mmodzi ndi zida za manja, sangapange mabedi makumi asanu pa mwezi ngakhale Lilongwe yense atamuimbira. Iye akufuna maoda okwana manja ake, olipira bwino, obwera mwezi ndi mwezi. Mayi wophika makeke a ukwati adziwe kuti Loweruka limabwera kanayi kapena kasanu pa mwezi, silichuluka chifukwa cha ma like. Gulani kope, muzilembamo aliyense amene wagula: dzina lake, kumene akukhala, chimene wagula, ndi kumene anamva za inu. Pakatha miyezi itatu muliwerenge. Ine ndikukhulupirira kuti ambiri mudzapeza kuti anatumizidwa ndi munthu amene munamugulitsa kale, ndipo mudzadziwa chithunzi chimene chinabweretsa ndalama ndi zimene zinangodya nthawi.

Makolo anu amene analima fodya angakuphunzitseni nkhaniyi bwino kuposa ine. Ntchito ya fodya sinkathera kumunda. Inkapitirira m'chigafa, pamene banja lonse linkakhala pansi kusankha masamba, a pansi paokha, a pakati paokha, a kunsonga paokha, ong'ambika kuwaika padera, n'kumanga mindindi yofanana isanalowe mu jeke. Ku okushoni ku Kanengo wogula sachedwa pa belo limodzi. Amasolola fodya pang'ono, kumuyang'ana, kutchula mtengo, n'kupita pa belo lotsatira. Amene anasakaniza magiledi, kapena kubisa fodya woola pakati kuti mabelo achuluke, ankalira: belo labwezedwa, thiransipoti walipira kale, ndipo nambala yake ogula aidziwa. Wa mabelo anayi osankhidwa bwino ankabwera ndi njinga yatsopano, wa mabelo khumi osakaniza n'kubwera ndi ngongole. Woona status yanu ali ngati wogula uja wa ku Kanengo. Chala chake sichiima. Mwapatsidwa kamphindi kamodzi, ndiye chimene mwamuikira patsogolo chikhale chosankhidwa.

Chosankhidwacho n'chotani? Chithunzi chimodzi kapena ziwiri za katundu amene muli nayedi, zojambulidwa panja m'mawa dzuwa lisanakwere, mutapukuta diso la kamera ndi kansalu, mutasesa pamalopo. Yalani mphasa yoyera, nkhuku ndi ana a mamina muziingitse kaye. Ngati ndi mtedza, tapani dzanja limodzi mujambule pafupi kuti njere zake zioneke. Kenaka mawu oyankhiratu zonse zimene wogula angafunse: ndi CG7 kapena Chalimbana, wosenda kapena wa makoko, matumba angati, kilogalamu ndi ndalama zingati, muli pati, ndipo katundu afika bwanji m'tauni. Wa nkhuku anene ngati ndi zachikuda kapena mikolongwe, za miyezi ingati, ndi tsiku limene zinalandira katemera wa chitopa. Wa mipando anene ngati matabwa ake ndi a bulugama, paini kapena mbawa, ndi muyeso wake. Khalidwe lija lolemba kuti "mtengo ku inbox" lokha ndilo limandilaka. Munthu amaganiza kuti mukufuna muyambe mwaona chithunzi chake kuti mumutchulire mtengo wolingana ndi suti imene wavala. Ambiri safunsa n'komwe, amangopita kwa amene walemba mtengo poyera. Ndipo pambali pa mtengowo muzilemba tsiku. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mukudziwa nokha kuti mtengo wa misomali, ulusi, shuga ndi chakudya cha nkhuku sukhalitsa malo amodzi. Chithunzi chimene munaponya pa Facebook miyezi inayi yapitayo chikadali pomwepo, ndipo wina adzafika nacho pakhomo panu akuumirira mtengo wakale. Katundu akatha, bwererani mukalembe kuti watha.

Atelala, ophika makeke ndi akalipentala, inu muli ndi tchimo lanulanu. Mumatenga pa intaneti chithunzi cha diresi losokedwa ku Lagos, keke ya nsanjika zisanu ya ku Johannesburg, sofa ya m'sitolo ya ku Dubai, n'kulemba pansi kuti "timapanga". Mkwatibwi wapereka theka la ndalama akulota diresi la pa chithunzi, Lachisanu madzulo n'kulandira china. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlandu wotere ukhoza kufika ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula onamizidwa ndi otsatsa malonda, koma usanafike kumeneko wayamba wafika kwa ankhoswe, kwa a kwaya ndi kwa onse amene anadya mpunga pa ukwatiwo. Diresi limene mwasoka nokha, lovalidwa ndi munthu weniweni amene wavomera kujambulidwa, ngakhale kumbuyo kwake kukuoneka nkhokwe, limauza wogula chimene manja anu amatha. Ngati manjawo sanafike pamene mukufuna, bwererani kwa amene anakuphunzitsani mukaonjezere luso. Kamera siwongola msoko wokhota.

Ndiime pang'ono pa mtedza, poti ndiwo ukudyetsa makomo ambiri kuno. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mtedza wa Chalimbana wa m'zigawo zino za Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu unkagulidwa ndi ADMARC n'kutumizidwa ku Ulaya, kumene ankaukonda chifukwa cha kukula kwa njere zake. Msika umenewo tinautaya, ndipo china mwa zifukwa zake chinali chuku, chimene chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin mtedza ukasungidwa wonyowa. Maiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo, mtedza wathu n'kumalephera mayeso. Panapita zaka zambiri, ndipo panafunika khama la alimi a NASFAM a ku Mchinji pamodzi ndi akatswiri a ICRISAT a pa Chitedze pompa, kuti m'zaka za m'ma 2000 mtedza wakuno uonekenso m'masitolo a ku Britain. Chimene chinatsegulanso khomo limenelo chinali kuumitsa bwino, kusankha ndi kuyeza, thumba ndi thumba. Komabe mpaka lero alipo amene amawaza mtedza madzi kuti usendeke mosavuta ndiponso ulemere pa sikelo. Mukatero, n'kujambula chithunzi chokongola, wopikula wa ku Mgona kapena mayi wopanga chiponde ku Area 49 adzamasula thumba patatha masabata awiri n'kupeza nkhungu. Foni yomweyo imene inamubweretsa kwa inu ndi imene adzajambulire nkhunguyo, n'kuponya m'gulu la ogula anzake, dzina lanu ndi nambala yanu zili pamwamba. Kale mbiri yoipa inkathera pamsika umene yabadwira. Lero imafika ku Msundwe, ku Kasiya ndi ku Mponela inu musanatsuke m'kamwa. Ndipo musaiwale kuti chiponde chimenecho akadya ndi ana a anzanu.

Kumbukiraninso kuti munthu wa m'tauni amene akufuna kukutumizirani ndalama ali ndi mantha, ndipo mantha akewo ali ndi chifukwa. Ndani mwa ife sanalandirepo uthenga wa munthu wosamudziwa wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Ngakhale kuyambira mu 2018 nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, akuba a pa foni sanathe. Ndiye dzina limene lili pa tsamba lanu lifanane ndi limene limatuluka munthu akamatumiza ndalama. Mukadzipatsa dzina lachingerezi lonyadira, koma pa Mpamba pakutuluka dzina la alamu anu, wogula wochenjera amabweza dzanja. Onetsani shopu yanu mmene ilili, nenani chizindikiro chimene aliyense angachipeze, kaya ndi pafupi ndi chigayo, ndi mjigo kapena ndi siteji ya kabaza. Wogula wakale akakhutira, mupempheni mwaulemu ngati angalole kuti muonetse mawu ake, akakana, musakakamize. Mawu a mphunzitsi mmodzi wodziwika m'deralo amalemera kuposa zithunzi zanu za mwezi wathunthu. Nanunso musatulutse katundu chifukwa choti mwaonetsedwa uthenga wakuti ndalama yatumizidwa. Yambani mwaona nokha m'foni mwanu kuti yalowadi.

Nthawi imene mumathera poponya zithunzi, theka lake mukanalipereka poyankha anthu. Munthu wafunsa m'mawa kuti mazira alipo, inu mwawerenga, iye waona kuti mwawerenga, koma mwakhala chete mpaka mawa, uku status yanu ikungoonjezeka. Chimenecho ndi chipongwe, chofanana ndi kusayankha odi muli m'nyumba. Yankhani ndi moni wake, mutchuleni mwaulemu monga mungachitire atafika pakhomo, ndipo ngati chinthucho mulibe nenani kuti mulibe, mumuuze tsiku limene chidzapezeke kapena mnzanu amene ali nacho. Musaope kuti mwataya kasitomala. Adzakumbukira kuti simunamuyendetse ulendo wachabe. Mukalonjeza kuti katundu akwera minibasi ya m'mawa, mutumizireni nambala ya kondakitala galimoto ikangonyamuka.

Palinso malo amene malonda salowa. Gulu la WhatsApp la mphakati, la amayi a Chigwirizano, la makolo a pa sukulu, makamaka la maliro, linatsegulidwira ntchito yake. Anthu akusonkha ya bokosi, inu n'kuponyapo mawigi otchipa! Pemphani kaye kwa oyang'anira gululo, ndipo akakulolani kamodzi musayese kuti akulolani chaka chonse. Pa tsamba la bizinesi ndale zisalowepo, pakuti wogula mtedza wanu alibe mtundu umodzi wa nsalu. Za Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers kakanganeni ku bawo. Ndipo amene ali nanu ngongole musamuike pa status ndi mawu okuluwika kapena ndi chithunzi chake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa makinawa, koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, aliyense woona amaganiza kuti mawa adzakhala iyeyo. Ngongole imakambidwa pakhomo, ikakanika pali ankhoswe ndi anyakwawa.

Wina anena kuti, "Koma agogo, ukakhala chete anthu amakuiwala." Zoona, ndipo sindikuti mukhale chete. Ndikuti mukhale ndi nthawi yodziwika. Sankhani masiku awiri kapena atatu pa sabata, makamaka madzulo oti mawa ndi tsiku la msika wa kwanuko, ndiponso kumapeto kwa mwezi pamene aphunzitsi ndi a zachipatala alandira. Anthu akazolowera kuti mumalankhula mukakhala ndi chonena, adzatsegula okha. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee ndipo mulibe chogulitsa, musadzaze malowo ndi zithunzi zakale. Onetsani kamodzi munda mmene wamerera, nenani mwezi umene mukuyembekeza kukumba, kuti ofuna ayambe kulembetsa. Phunzitsaniko kanthu kamene mukudziwa: mmene munthu angazindikirire mtedza wouma bwino poutafuna, mmene angasamalire bedi la paini kuti chiswe chisalowe, chifukwa chake anapiye amafa sabata yoyamba. Wophunzitsidwa kanthu ndi inu sakubisani.

Lembani m'Chichewa chomveka ngati ogula anu ndi akuno. Chingerezi chothyokathyoka sichikweza mtengo wa nyemba. Kwa amene kuwerenga kumawavuta, jambulani mawu apakamwa aafupi, osapitirira theka la mphindi, osayamba ndi nyimbo. Ndipo musaiwale kuti anthu ambiri okuzungulirani ali ndi foni za mabatani, sadzaona status yanu ngakhale itakoma chotani. Amenewo alembereni nambala yanu ndi penti pa khoma la shopu ndi pa thumba lililonse lotuluka pakhomo panu. Ipatseninso anyamata a kabaza a pa siteji, poti mlendo aliyense wotsika minibasi amayamba wafunsa iwowo, ndipo mmodzi wa iwo akakubweretserani wogula, mupatseni ya sopo tsiku lomwelo.